Linga Lomwe Linayenda Ndili Kuseri kwa Nkhokwe

Dandaulo langa loyamba pa nkhaniyi ndinalipereka Lolemba masana, m'sabata yomwe tinayamba kuthyola nandolo, chaka chomwe anabadwa azakhali anu a Elube. Ndinadandaulanso pa ukwati wa a Elube omwewo. Ndinadandaulanso chaka chomwe ndinagulitsa makina anga osokera. Mapepala ake onse ali m'chitini chino, ndipo mpaka lero sindinayankhidwe. Tsono popeza tchuthi chino mwabwera nonse, khalani pansi ana inu, Madalitso awerenge mokweza zimene ndalembazi. Iwe Chikondi, ukaona agogo ako aakazi akunyamuka kuti ali ndi ntchito kukhitchini, uwagwire chitenje.

Nkhani yake ndi ya tchesi, masewero aja mumandiona ndikusewera ndi aphunzitsi pakhonde, inu n'kumadutsa mukuyasamula. Pali kachidutswa kamtengo kamodzi, kamene timati linga, komwe kanayenda pa bolodi ine kulibe. Ndikufuna kudziwa dzanja limene linakanyamula.

Ine kwathu ndi kumtunda, kumpata wa Fort Lister, pakati pa Mulanje ndi Michesi. Kuno kwa Kaduya ndinabwera chikamwini, zaka zochepa nkhondo yachiwiri ya azungu itatha. Ndinanyamuka tambala atangolira, makina opukusa ndi dzanja ali pamutu, bulangete kumsana, ndipo ndinafika dzuwa lili paliwombo, khosi litalowa m'mapewa. Inu mtunda womwewo mumakwera njinga n'kufika mukudandaula matako. Ndinapeza malo osokera pakhonde la sitolo ya Che Amidu, Msilamu wogulitsa nsalu, mchere ndi sopo, ndipo dzina langa lenileni linathera pomwepo. Aliyense ankangoti a Telala.

Mkamwini masiku amenewo anali mlendo wokhala ndi khasu. Munda unali wa mkazi, ana anali a mkazi, ndipo mawu omaliza anali a mwini mbumba. Mwini mbumba wa agogo anu aakazi anali achimwene awo, amene tonse tinkawatchula kuti a Kopolo chifukwa cha usilikali. Kunkhondo anabwerako ndi majombo, chifuwa chosatha, ndi masewerowa, omwe anaphunzira poonerera akuluakulu awo. Bolodi anaicheka pa chivundikiro cha bokosi la tiyi. Anthu ake oyendetsa pa bolodipo anawasema okha, oyera a mkungudza, akuda a phingo: mfumu, mfumukazi, mabishopu, mahatchi, malinga ndi ana akutsogolo. Amuna a m'mudzi anayesa kamodzi n'kubwerera ku bawo, ati masewero opanda phokoso ndi a maliro. Ndiye a Kopolo anayang'ana uku ndi uku kufuna munthu wosatha kukana, n'kupeza mkamwini.

Tinkasewera Lamulungu masana pansi pa mtengo wa mango, m'mbali mwa njira ya kuchitsime. Njira imeneyo ndiyo inandipweteka. Inu lero mumaona bambo anu akumwa tiyi ndi apongozi awo pa mphasa imodzi, mwinanso kupemphana shuga. Ife sizinali choncho. Mkamwini sankaonana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Mukakumana panjira, iwe umalowa patchire, kaya pali chitedze. Tsono Lamulungu lililonse, masewero atafika pokoma, apongozi anga ankatulukira ndi mtsuko, atakhosomola kaye chapatali kuti ndidziwe. Ine ndinkadzambatuka n'kukaima kuseri kwa nkhokwe, kuyang'anizana ndi nkhuku, mpaka atadutsa. Ndikabwerera, sipankapita nthawi, munthu wanga wamkulu wadyedwa.

Zinatero miyezi yambiri. Sindinapambane ngakhale kamodzi. Munthu ukamagonja sabata ndi sabata umayamba kufunafuna mfiti.

Tsiku lina, mvula itangoyamba, kunali amuna ambiri pamtengo paja, atachokera ku mowa wa dima. Apongozi anadutsa, ndinabwerera, ndinayendetsa mfumukazi yanga, ndipo hatchi ya a Kopolo inalumpha n'kuidya. Anthu anaseka. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Alamu, hatchi iyi sinali apa."

A Kopolo anachotsa kaliwo pakamwa. "Inali kuti, a Telala?"

"Sindikudziwa. Koma ndikapita kunkhokwe, anthu anu amayenda okha."

Kuseka konse kunazima. Mkulu wina anati, "Ndi mowa uwu, alamu anu akucheza." Koma ine sindinamwe ngakhale chipanda chimodzi, ndipo aliyense ankadziwa.

"Ndiye kuti ndine mbala," anatero a Kopolo, osakweza mawu. "M'mudzi mwa mayi anga, pamaso pa anthu anga. Chabwino. Tipitiriza kusewera. Pofika pothyola nandolo mubweretse umboni woti ndimaba. Mukaupeza, ine ndidzagwada. Mukapanda kuupeza, mudzapepese pompano, anthu omwewa akumva. Mukakana zonse ziwiri, makina anu mukudziwa kanyamulidwe kake, ndipo njira ya ku Fort Lister sinamere udzu."

M'mawa mwake ndinapeza agogo anu akutsuka nyemba za kalongonda zimene zinawira dzulo lonse. Inu kalongonda mumamunyoza kuti amadya nkhuni, koma ndi amene anatilera ife. Nthawi imeneyo anali ndi pakati pa a Elube. Sanandiyang'ane.

"Mwamva zimene anena achimwene?"

"Ndamva. Ndiwagwira."

"Agwireni. Koma mukadzanyamula makina, mwana uyu simudzanyamula. Ngwakuno uyu."

Mwamva tsono chimene chinali pa bolodi paja. Sichinali chidutswa cha mkungudza ayi. Anali mayi awa mukuwaonawa, ndi mwana ali m'mimba, ndi inu nonse amene munali musanaganiziridwe.

Ndinaganiza zolemba. A Kopolo anandiuzapo kuti akuluakulu awo kunkhondo ankalemba masewero ndi malembo ndi manambala. Ndinatenga choko changa cha telala n'kulemba malembo m'mphepete mwa bolodi, manambala m'mbali inayo, kuti kachipinda kalikonse kakhale ndi dzina. A Kopolo anangoti, "Lembani, alamu. Ntchentche ikatera mulembenso." Pepala linali losowa. Inu mumang'amba tsamba la kope kuti mupange ndege, ine mtima umandiwawa. Che Amidu ankandisungira mapepala okulungira sopo ndi zikuto za mipukutu ya nsalu. Ndinkalemba ndi pensulo ya kopi, ija yonyambita kaye, moti Lamulungu lililonse lilime langa linkakhala lofiirira ngati ndadya nyowe. Ndinkalemba kuyenda kwanga, kuyenda kwawo, ndipo pamene apongozi adutsa ndinkaikapo kamtanda.

Lolemba pakhonde la sitolo, ntchito ikachepa, ndinkayala nsalu yakuda yomwe ndinajambulapo tizipinda ndi choko. Anthu anga anali mabatani. Batani lalikulu la jasi linali mfumu, a malaya anali ana. Ndinkabwereza masewero onse kuchokera papepala, pang'onopang'ono, ndikudikira pamene pepala ndi bolodi zisemphane, kuti ndifuule kuti ndaigwira mbala.

Sabata yoyamba sizinasemphane. Yachiwiri chimodzimodzi. Mvula inagwa, chigwa chonse cha Phalombe chinasanduka thope, a njinga za matemba a ku Chilwa ankadutsa atazinyamula paphewa, ine ndili pa mabatani. Mapepala anakwana khumi. Aliyense wa anthu a a Kopolo anali ndi njira yake yolembedwa, kuchokera pamene anayambira mpaka pamene anandidyera.

Che Amidu ankandiyang'ana ali pa kauntala. Tsiku lina anati, "A Telala, nthawi zonse mumakhala mbali imodzimodziyo. Mbali inayo kuli njoka?"

Ndinawayankha mwamwano kuti za tchesi sazidziwa. Koma atalowa m'kati ndinatembenuza nsalu ija, mabatani a a Kopolo akhale kwa ine. Telala aliyense amadziwa kuti malaya amakunamiza kunja, chilungamo chili ku msoko, ukawatembenuza. Ndinayambanso masewero aja ngati ndine a Kopolo. Ana inu, ndinachita manyazi ndekha pakhonde. Kuchokera mbali yawo, zonse zinali poyera ngati mbuzi pamsewu. Hatchi inkafika pamalo pake kamtanda kasanafike, ine ndikuona, ine ndemwe n'kulemba ndi dzanja langa. Inkangoima phee kudikira. Ndinali ine amene ndinkabweretsa mfumukazi pakamwa pake.

Ndinayala mapepala onse khumi pansi n'kuyang'ana timitanda. Pa lililonse, kuyenda koyamba kapena kwachiwiri pambuyo pa kamtanda ndi kumene kunkandipha. Ndinkachoka kunkhokwe mtima uli m'mwamba, ndikuganiza kuti anthu andiseka, ndipo ndinkayendetsa msangamsanga ndisanakhale n'komwe pansi, kuti aone kuti sindikuopa. Ndinapezanso matenda ena awiri. Mfumukazi ndinkaitulutsa m'mawamawa yokha, mabishopu ndi mahatchi akadali mtulo, ndipo a Kopolo ankangoithamangitsa uku akutulutsa anthu awo. Komanso sindinkadzifunsa n'kamodzi komwe kuti iwo akayenda akufuna chiyani. Ndinkangoona zanga, ngati munthu wolankhula pa mlandu osamvera mnzake.

Ndinapuma mpweya waukulu tsiku limenelo. Miyezi yonse ija ndinkadya ndi munthu amene ndinkamuyesa mbala. Kudziwa kuti wolakwa ndine kunali kowawa, koma kunali ndi mankhwala ake. Ndinadziikira malamulo, ndinawalemba pa chikuto ichi, chigwire bwino Madalitso, chafumbwa. Ndikachoka kunkhokwe ndizikhalira manja anga, ndiwerenge anthu anga onse, ndifunse chimene a Kopolo akufuna, kenaka ndiyende. Lolemba lililonse ndinkasaka kuyenda kumodzi kokha kumene kunawononga masewero, ndikakupeza n'kukuzunguliza ndi pensulo, n'kuyesa ndi mabatani kuti ndikanatani.

Pofika nthawi ya chimanga chachiwisi masewero athu anayamba kutalika. Pofika nyengo yozizira ya chiperoni, a Kopolo anayamba kuika kaliwo pansi kuti aganize. Ndinkagonjabe, koma ngati munthu, osati ngati nkhuku ya chitopa.

Tsono mufunsa kuti, agogo, bwanji simunangopita kukapepesa? Funsani, inu simunakhalepo mkamwini wa zaka makumi awiri ndi mphambu. Tambala wopepesera ndinagula. Ndinamumangirira kuseri kwa nyumba masabata atatu, akunenepa ndi madeya anga. Koma ndikaganiza zoima pamtengo paja, munthu wosapambanapo n'kamodzi komwe, n'kunena kuti ndinanama chifukwa cha nsanje, mawu ankandiima pakhosi ngati munga wa nsomba. Agogo anu anali atatopa, miyendo itatupa. Ankangoti, "Tambala uja tidzadya ife kapena adzakuperekezani ku Fort Lister?"

Nandolo anauma. Lamulungu lomaliza linafika, ndipo anthu anabwera osaitanidwa, ena atanyamula mipando. Agogo anu anakokera mtondo pafupi ndi mtengo, ati kumeneko n'kumene kunali mthunzi, n'kumasinja makaka, chinangwa chouma chija, pang'onopang'ono. Ine ndinali ndi oyera. Ndinasewera monga mwa malamulo anga, ndipo masewero anali ofanana mphamvu. A Kopolo anayenda, ndinalemba, kenaka ndinamva kukhosomola kuja. Ndinaika kamtanda, ndinapita kunkhokwe.

Tsiku limenelo apongozi anachedwa. Masiku onse ankangodutsa, koma apa anaima panjira, mtsuko uli pamutu, n'kuyamba kufunsa anthu za nkhuku yawo yamawanga, ngati wina anaiona, ngati ikuikira kutchire, ndi kuti mwana wa uje chifuwa chili bwanji. Amuna onse anatembenukira kwa iwo kuyankha mwaulemu. Ine ndili chiimire, nyerere zikundikwera.

Nditabwerera ndinakhalira manja. Ndinawerenga anthu anga, onse analipo, aliyense pamalo pake. Ndinafunsa chimene a Kopolo akufuna, sindinaone choopsa. Kenaka ndinaona chinthu china. Mfumu yawo inali pa mzere wakumbuyo, kutsogolo kwake kutatsekedwa ndi ana ake omwe atatu, ndipo mzerewo unalibe mlonda. Ndinayang'ana katatu. Ndinanyamula mfumukazi n'kuitera pa mzere womwewo.

"Alamu," ndinatero, "mfumu yafa."

A Kopolo anayang'ana bolodi nthawi yaitali ndithu. Anayang'ana kumtondo. Kenaka anakhosomola, n'kugoneka mfumu yawo ndi chala.

Anthu anakuwa ngati ndapha nyalugwe. Ndipo mukudziwa chimene chinachitika? Munga uja unatsika wokha. Ndinathamangira kuseri kwa nyumba, ndinabwera ndi tambala, ndinagwada pafumbi.

"Alamu, ndinakunenani kuti mumaba. Ndalemba masewero onse kuyambira mvula, mapepala ndi awa, ndipo simunabepo ngakhale mwana mmodzi. Wakhungu ndinali ine. Pepani."

"Dzukani, a Telala, mudetsa buluku la Lamulungu," anatero a Kopolo akupima tambala m'manja. "Uyu ndiye mwamunenepetsa. Mukanachedwa sabata ina akanasanduka nkhukundembo."

Usiku umenewo ndinagona tulo toyamba tabwino chiyambire mvula.

Lolemba ndinapita kusitolo ndi pepala langa, osati kukasaka cholakwa koma kukadzikometsa. Ndinaitananso Che Amidu kuti aone. Ndinayendetsa mabatani mpaka pa kamtanda, ndinanyamula batani la mfumukazi kuti ndiphe mfumu, ndipo dzanja linaima m'malere. Pa nsalu yanga, linga la a Kopolo linali pakona, pa mzere wakumbuyo womwewo, likulondera. Mfumukazi ikanatera pamenepo ikanadyedwa ngati chitumbuwa. Koma dzulo lake pa bolodi linga lija linali kachipinda kamodzi kutsogolo, kumene silikanathandiza kanthu. Ndinawerenga pepala kasanu. Linga limenelo silinayendepo masewero onse. Sindinadumphe mzere, chifukwa kuyenda kwanga ndi kwawo kunali kolondolana bwinobwino. Linasuntha ine ndili kunkhokwe, ndipo sindinazindikire chifukwa ndinawerenga anthu anga okha.

Ndinatseka makina dzuwa likadali m'mwamba. A Kopolo ndinawapeza m'munda akuthyola nandolo.

"Alamu, linga lanu linayenda."

"Mwayambanso? Tambala ndadya kale, sabwerera."

"Linayenda kundithandiza ine. Ndinagwada pamaso pa anthu kunena kuti pa bolodi panu sipayenda kanthu mobisa, chonsecho tsiku lomwelo panayenda. Ndikufuna mundiuze."

Anaponya nandolo m'dengu. "Mkazi muli naye, a Telala? Nyumba muli nayo? Pitani mukasoke."

Limenelo ndilo dandaulo loyamba lija. Masabata awiri pambuyo pake a Elube anabadwa, ine ndili pomwepo m'mudzi, ndipo ndinawasokera kadiresi ka nsalu yotsala. Sindinganame, ndikakumbukira kuti ndikanamva za kubadwa kwawo kwa anthu odutsa, ndimathokoza dzanja lija, kaya ndi la yani. Koma kuthokoza ndi kwina, kuyankhidwa ndi kwina.

Musaganize kuti agogo anu aamuna anangopambana mwa chifundo. Ndinapitiriza kulemba ndi kubwereza, ndipo ndinawonjeza lamulo loti ndiziwerenga anthu a mbali zonse ziwiri. Chaka chisanathe ndinawagonjetsa a Kopolo poyera, masewero amene apongozi sanadutse n'komwe chifukwa anali kumaliro. Pepala lake ndi ili lili ndi kansalu kofiira. Pambuyo pake tinkagawana, iwo lero, ine sabata yamawa, zaka zambirimbiri, mpaka mtengo wa mango unagwa ndi mphepo tinasamukira pakhonde. Masewero amene ndinagonja ndi amene anandiphunzitsa, n'chifukwa chake mapepala ake ndi akuda ndi zala. Amene ndinapambana ndi oyera, sindinkawatsegula kawirikawiri. Iwe Chikondi, kope lako la masamu lija unalibisa kudenga chifukwa cha mitanda yofiira, ukalitsitse, ndi lomwelo la ntchito.

A Kopolo atadwala matenda awo omaliza ndinakawaona ndi phala. Anali ataonda, koma maso anali omwe aja. Ndinawafunsanso, mwaulemu.

"A Telala," anatero, "ndikupita uku, sindinganame. Dzanja langa silinakhudze linga lija. Ine ndinali kuyankha mayi za nkhuku yamawanga. Nditatembenuka ndinapeza layenda, ndipo pamutu pake panali ufa wa makaka. Ndinaupukuta ndi chala inu musanafike."

Agogo anu nditawauza anati munthu wodwala amalankhula zambiri, ndipo iwo tchesi saidziwa, kwa iwo ndi tizidole chabe. Nkhaniyo ndinaisiya zaka zingapo. Koma tchuthi chathachi, Madalitso akuphunzira tchesi pakhonde apa, ine ndili m'nyumba, ndinamva ndi makutu anga mayi awa akunena kuti, "Iwe, usachotse linga pa mzere wakumbuyo, mfumu ifera m'nyumba." Madalitso, ukuwerenga ndiwe, imika kaye unene ngati ndikunama.

Choncho ine, telala wopuma ntchito wa kuno kwa Kaduya, mkamwini wa pamudzi pano kwa zaka zoposa makumi asanu, ndikupempha mwaulemu Mayi Esitere, amake Elube, amene anali pa mtondo masitepe atatu kuchokera pa bolodi, kuti ayankhe mafunso awa pamaso pa adzukulu awo tchuthi chino chisanathe. Ndani ananyamula linga la a Kopolo? Kodi malemu apongozi anga anatayadi nkhuku yamawanga? Ndipo munthu wosadziwa tchesi anadziwa bwanji kuti pa anthu onse a pa bolodi, loyenera kusuntha ndi linga, kachipinda kamodzi kokha? Sipadzakhala mlandu, ndipo tambala wa tsikulo ndigula ine. Koma yankho likhale la mawu omveka oti ndilembe. Kuseka ndi kuphimba kukamwa ndi chitenje sindidzakulandiranso ngati yankho.